Chofunda cha Zigamba: Luso la Pakhomo ndi Zimene Limatiphunzitsa

Mau oyamba

 Nkhani yathu ya lero ndi ya zigamba, tizidutswa tansalu timene timasesa pakhonde la telala n'kukataya kudzala. Taona kuti ena mwayamba kale kumwetulira. Tikudziwa chifukwa chake. Pakati pathu chigamba ndi chinthu chochititsa manyazi. Mwana akapita kusukulu ndi kabudula wachigamba anzake amamuseka, ndipo mayi ake mtima umawawawa. Komabe tikupemphani kuti mudekhe mpaka kumapeto, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tikamba zinthu zitatu. Choyamba, chofunda cha zigamba n'chiyani ndipo chimasokedwa bwanji. Chachiwiri, tikuuzani mbiri ya amayi a mudzi wina wa ku America amene luso limeneli linawathandiza pa nthawi ya mavuto. Chachitatu, tiona zimene ife tingaphunzirepo. Pomaliza tigawana m'magulu kuti tikambirane mafunso.

1. Chofunda cha zigamba n'chiyani?

Tonse tikuidziwa miyezi ya Juni ndi Julayi. Kumapiri a ku Dedza madzi a m'ndowa amaluma zala m'mawa. Ku Thyolo ndi ku Mulanje chiperoni chikagwa, dzuwa limasowa masiku angapo. M'mabanja ambiri ana atatu amalimbirana bulangete limodzi, ndipo wogona kumapeto ndiye amadzuka ndi chifuwa. Mabanja ena amalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka zitseko ndi mazenera, osadziwa kuti mpweya wa makala umapha munthu ali m'tulo. Kotero nkhani ya chofunda si yamasewera.

Chofunda cha zigamba, chimene pa Chingerezi amachitcha quilt, chili ndi nsalu zitatu zosanjikiza. Pamwamba pali nsalu yopangidwa polumikiza tizidutswa tambirimbiri. Pakati pali chinthu chofewa, monga bulangete lakale lomwe layamba kuperepeseka. Pansi pali nsalu imodzi yaikulu. Zitatuzi amazisokera pamodzi kuti zisamasunthe. Kufunda kwake kumachokera ku mpweya umene umatsekeredwa pakati pa nsaluzo. Thupi likautenthetsa mpweyawo, sutuluka msanga. N'chifukwa chake nsalu zitatu zopyapyala zosokedwa pamodzi zimafunda kuposa mmene munthu angaganizire pozigwira.

Luso limeneli si la mtundu umodzi wa anthu. Ku Bengal, m'maiko a Bangladesh ndi India, amayi amasanjikiza nsalu zawo zakale n'kusoka chofunda chotchedwa kantha. Ku Sindh m'dziko la Pakistan kuli chotchedwa ralli. Ku Japan alimi osauka ankagambika zovala ndi zofunda mpaka chigamba kukhala pamwamba pa chigamba chinzake, ndipo nsalu zoterezi amazitcha boro. Paliponse chiyambi chake n'chimodzi: nsalu inali yodula, ndipo munthu wanzeru sankataya kachidutswa. Masiku ano anthu ambiri a ku America ndi ku Britain amasoka zofunda zoterezi pongofuna kusangalala pa nthawi yawo yopuma, ngakhale ali ndi ndalama zogulira mabulangete m'sitolo.

2. Kasokedwe kake

Zipangizo zake n'zosavuta kupeza: singano, ulusi wolimba, sizasi, pensulo kapena choko, katoni wolimba, rula ya mwana wasukulu, ndi simbi. Makina osokera amafulumizitsa ntchito, koma amene alibe asadandaule. Manja okha akukwana.

Gawo loyamba ndi kusonkhanitsa nsalu. Pemphani zodulira za zitenje kwa telala, ndipo mugwirizane naye mwachilungamo ngati akufuna kangachepe. Tengani malaya, madiresi ndi mayunifomu amene ana akula nawo. Dulani ndi kutaya mbali zofumbwa, monga m'mawondo ndi m'khwapa, n'kusunga zolimba. Musasakanize nsalu yotamuka, monga ya sikipa, ndi nsalu ya chitenje, chifukwa ina imakoka ina n'kukana, ndipo chofunda chimapindika.

Gawo lachiwiri ndi kuchapa. Apa tisachite ulesi. Nsalu yathonje yatsopano imafupika ikalowa m'madzi koyamba, ndipo ina imasuluka. Ife chofunda chathu choyamba tinasoka osachapa nsalu. Titachichapa, chofiira chinalowerera m'choyera, ndipo ntchito ya milungu yambiri inaoneka ngati yagwera m'dothi la katondo. Chapani nsalu zakuda pazokha, zoyera pazokha, ziume, kenaka muzisite.

Gawo lachitatu ndi kuyeza ndi kudula. Apa pali masamu pang'ono, koma ndi a sitandade 4. Dulani katoni wa mbali zinayi zofanana, mbali iliyonse masentimita 12. Ikani katoniyo pansalu motsatira mmene ulusi wa nsaluyo wayendera, lembani mozungulira, ndipo dulani. Sentimita imodzi ya mbali iliyonse idzalowa mumsoko, kotero chigamba chooneka pamwamba chidzakhala cha masentimita 10. Ngati tikufuna chofunda cha masentimita 150 m'lifupi ndi 210 m'litali, tifunika zigamba 15 m'lifupi ndi 21 m'litali. Tikachulukitsa 15 ndi 21 tipeza zigamba 315.

Musachite mantha ndi chiwerengero chimenechi. Gawo lachinayi ndi kulumikiza, ndipo timalumikiza pang'onopang'ono. Tengani zigamba 9, zisanu zakuda ndi zinayi zowala, muziyale mizere itatu mosinthanitsa, chakuda kenaka chowala. Sokani zitatu za mzere uliwonse, nkhope ndi nkhope, kenaka mulumikize mizere itatuyo. Mwapeza chigawo chimodzi cha masentimita 30. Zigawo zoterezi zikufunika 35, ndiye kuti 5 m'lifupi ndi 7 m'litali. Munthu wosoka chigawo chimodzi madzulo alionse amaliza nsalu yapamwamba m'masiku 35. Tsokonombwe anatha mtunda n'kulumpha. Kumbukirani kusita msoko uliwonse kuti ugonere mbali imodzi. Misoko ya mzere woyamba igonere kumanja, ya wachiwiri kumanzere, kuti polumikiza pasakhale mfundo yolepheretsa singano kulowa.

Ngati zidutswa zanu n'zazitali ndi zopyapyala, pali njira ina. Yambani ndi kachigamba kamodzi pakati, ndipo muzisokera timizere mozungulira, mbali ina kenaka ina, monga mmene timasanjira mitengo pomanga khola. Ku America njirayi amaitcha log cabin, kutanthauza nyumba yamitengo, ndipo mwa mwambo wawo kachigamba kapakati kamakhala kofiira poimira moto wa m'nyumba.

Gawo lachisanu ndi kusanjikiza. Yalani mkeka pamalo osalala. Ikani nsalu yapansi, nkhope yake iyang'ane kumkeka. Zitenje ziwiri zolumikiza kawirikawiri zimakwana, koma yezani kaye, chifukwa nsalu yapansi iyenera kupitirirako pang'ono mbali zonse. Pamwamba pake ikani bulangete lakale lochapa bwino, kenaka nsalu yanu ya zigamba. Salazani ndi manja kuchokera pakati kupita m'mbali. Gwirizitsani zitatuzo ndi misoko italiitali yongoyembekezera, kuyambiranso pakati. Mukayambira m'mphepete, makwinya onse adzasonkhana pakati ndipo adzasowa kotulukira. Amene mumalima thonje mukhoza kuika thonje pakati, koma muchotse njere zonse, muliyale mofanana, ndipo musoke mothinana, apo ayi lidzaundana pochapa.

Gawo lachisanu ndi chimodzi ndi kusokera pamodzi. Mukhoza kuyendetsa singano mmwamba ndi pansi motsatira mizere ya zigamba, kubaya nsalu zonse zitatu. Njira yachidule ndi yomanga mfundo: pa mphambano iliyonse ya zigamba lowetsani ulusi wokhuthala, muutulutse pafupi pomwepo, mumange kawiri n'kudula. Mfundo zisatalikirane kuposa chikhatho cha dzanja. Pomaliza pindani nsalu yapansi kuti ikwere pamwamba ndi kuphimba m'mphepete monse, ndipo musoke mozungulira. Chotsani misoko yongoyembekezera ija. Chofunda chatha.

Chenjezo limodzi kwa amayi a ana akhanda: chofunda cholemera sichiyenera kufunditsa khanda, chifukwa chikhoza kuphimba mphuno. Musasokerepo mabatani kapena mikanda imene mwana angameze. Ndiponso chofunda sichilowa m'malo mwa neti ya udzudzu.

3. Amayi a ku Gee's Bend

Tsopano tiyeni tiwoloke nyanja. M'chigawo cha Alabama, kummwera kwa dziko la United States of America, muli mudzi waung'ono wotchedwa Gee's Bend. Mtsinje wa Alabama wauzungulira mbali zitatu. Anthu ake ndi akuda, zidzukulu za akapolo amene ankalima thonje pamalopo. M'chaka cha 1845 mundawo unagulidwa ndi Mark Pettway, ndipo mpaka lero mabanja ambiri a m'mudzimo ali ndi dzina loti Pettway, dzina la munthu amene anasunga makolo awo muukapolo. Ukapolo utatha m'chaka cha 1865 ambiri anakhalabe pomwepo n'kumalima ngati matenanti, chaka ndi chaka ali m'ngongole. M'chaka cha 1932, mtengo wa thonje utagwa, okongoza anabwera n'kulanda ziweto, zipangizo zolimira ndi chakudya, moti anthu anapulumuka ndi thandizo la bungwe la Red Cross.

Nyumba zawo zinali zamitengo, zolowa mphepo, ndipo ankamata manyuzipepala m'makoma kuti atseke ming'alu. Nyengo yachisanu munthu ankafunda zofunda zingapo nthawi imodzi. Amayiwo analibe ndalama zogulira nsalu. Ankang'amba maovololo ndi majinzi akutha a amuna awo, madiresi akale ndi matumba a ufa. Mtsikana ankaphunzira kwa mayi ake ndi agogo ake. Aliyense ankalumikiza nsalu yapamwamba yekha, monga mmene maso ake akondera, osatsata buku. Koma pofika posokera nsalu zitatu pamodzi ankaitanizana, kukhala mozungulira, kusoka uku akuyimba. M'chaka cha 1942 mayi wina, Missouri Pettway, anasoka chofunda ndi zovala zogwirira ntchito za mwamuna wake Nathaniel amene anamwalira, kuti azimukumbukira. Chofundacho chilipo mpaka lero.

M'zaka za m'ma 1960 anthu akuda a ku Alabama ankamenyera ufulu woponya voti. Malamulo ndi ziopsezo zinkawatsekereza kuti asalembetse m'kaundula. Mu February 1965 Martin Luther King Jr. anafika ku Gee's Bend n'kulankhula m'tchalitchi cha m'mudzimo, kulimbikitsa anthu kuti akalembetse. Ofesi yolembetsera inali m'tauni ya Camden, tsidya lina la mtsinje. M'zaka zomwezo akuluakulu a boma la m'deralo anachotsa bwato lalikulu limene linkaolotsa anthu, kotero ulendo waufupi wapamadzi unasanduka ulendo wautali wozungulira pamsewu. Bwatolo linabwerera m'chaka cha 2006, patapita zaka zoposa 40. Ndiponso mabanja ena a m'deralo amene analembetsa anathamangitsidwa m'minda ya eni malo n'kuchotsedwa ntchito.

Apa ndi pamene zigamba zinagwira ntchito imene palibe ankaiyembekeza. Chakumapeto kwa 1965 wansembe wina wa mpingo wa Episcopal, Bambo Francis X. Walter, ankayenda m'deralo kulemba madandaulo a anthu ozunzidwa chifukwa cha voti. Anaona zofunda zitayanikidwa pachingwe ndipo zinamugwira mtima. Anayamba kuzigula pa mtengo wa madola 10 chimodzi n'kuzitumiza ku New York kuti zikagulitsidwe, ndipo phindu lake linkabwerera kwa osokawo. Mu March 1966 amayiwo anakhazikitsa bungwe lawolawo lotchedwa Freedom Quilting Bee, ndipo Estelle Witherspoon analiyendetsa zaka zambiri. M'chaka cha 1969 anayamba kumanga nyumba yawo yosokeramo n'kuitcha dzina la King, amene anaphedwa m'chaka cha 1968. Pamaliro ake ku Atlanta, ngolo yonyamula bokosi inakokedwa ndi nyulu zochokera ku Gee's Bend.

Koma malonda anabwera ndi mavuto ake. Masitolo akuluakulu ankafuna zofunda zofanana, za muyeso umodzi ndi misoko yowongoka, pamene amayi aja anazolowera kusoka aliyense monga afunira. M'chaka cha 1972 bungwelo linapeza ntchito yosokera kampani ya Sears mapilokesi a nsalu yokhuthala yamizeremizere yotchedwa corduroy. Ntchitoyo inabweretsa malipiro okhazikika, koma inali yobwerezabwereza. Chosangalatsa n'chakuti amayiwo ankatenga zodulira za nsaluyo kupita nazo kunyumba, ndipo madzulo ankasoka zofunda zakumtima kwawo. Bungwelo linagwira ntchito mpaka chaka cha 2012.

M'chaka cha 2002 zofunda za ku Gee's Bend zinaonetsedwa m'nyumba yaikulu ya zaluso ya Museum of Fine Arts mumzinda wa Houston, kenaka ku Whitney Museum ku New York. Anthu ophunzira anaima pamzere kudzaona zimene amayi akumudzi ankayala pabedi. Amayi ngati Mary Lee Bendolph ndi Annie Mae Young anadziwika m'dziko lonselo. M'chaka cha 2006 positi ofesi ya dzikolo inatulutsa masitampa 10 okhala ndi zithunzi za zofundazi. Komabe m'chaka cha 2007 ena mwa amayiwa anakasuma kukhoti podandaula kuti sanalandire zoyenera kuchokera kwa amene ankagula zofunda zawo ndi kugwiritsa ntchito zithunzi zake. Milanduyo inathetsedwa m'chaka cha 2008.

4. Ife tikuphunzirapo chiyani?

Phunziro loyamba ndi lakuti chigamba si manyazi. Chochititsa manyazi ndi kutaya nsalu yabwino kudzala pamene mwana akunjenjemera usiku. Amayi a ku Gee's Bend sanadikire kuti wina awabweretsere mabulangete. Anayang'ana zimene zinali m'nyumba mwawo. Nafenso tili ndi zodulira za zitenje zamitundu yowala kuposa majinzi akutha amene iwo anali nawo.

Phunziro lachiwiri ndi la nthawi yopuma. Mayi wakumudzi amadzuka m'bandakucha, kutunga madzi, kupita kumunda, kutola nkhuni, kuphika, ndipo amagona pomalizira. Abambo tikaweruka timakhala pabawo kapena kumvera mpira pawailesi, ndipo palibe amatifunsa. Koma mayi akakhala pansi ndi singano kusoka chinthu chongomusangalatsa, ena timati akutaya nthawi. Kodi chimenechi ndi chilungamo? Munthu aliyense ayenera kukhala ndi kanthawi kochita chimene mtima wake ukonda. Ndiponso tisanene kuti singano ndi ya akazi okha. Matelala ambiri a m'makonde a masitolo athu ndi amuna. Mnyamata wodziwa kusoka sayenda ndi malaya ong'ambika.

Phunziro lachitatu ndi la kugwirira ntchito pamodzi. Kuyala ndi kusokera chofunda chachikulu munthu mmodzi kumatopetsa, koma anthu anayi amamaliza m'masiku ochepa. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo anthu akakhala mozungulira chofunda amakambirana: za mjigo umene wawonongeka, za mwana amene wasiya sukulu, za mayi wamasiye amene achibale a mwamuna akufuna kumulanda katundu. Anthu ozolowera kukhala pamodzi ndi kumverana sachedwa kugwirizana pakabwera nkhani yaikulu.

Phunziro lachinayi ndi la mtengo wa ntchito yathu. Ngati tsiku lina wina afuna kugula chofunda chanu, musatchule mtengo mothamanga. Werengani ulusi, nsalu yapansi, chapakati ndi sopo. Kenaka werengani masiku amene mwagwira, ndipo mudzifunse kuti mukanapita kuganyu masiku amenewo mukanalandira zingati. Wobwera kudzatenga zofunda kuti akagulitse kutauni alembe pakalata chiwerengero chake, mtengo wake ndi tsiku lolipira, pamaso pa mboni. Ngati muli gulu, msungichuma aziwerenga ndalama pamaso pa onse, ndipo atsogoleri azisankhidwa ndi mamembala. Sokeraninso dzina lanu ndi chaka pangodya ya chofunda, kuti ntchito yanu isatchedwe ya wina. Komanso kumbukirani zimene zinachitika ku Alabama: sikuti chilichonse chimene timasoka chiyenera kupita kumsika. Zina zikhale za pakhomo.

Phunziro lachisanu ndi la chikumbutso. Mu October 1987 mumzinda wa Washington munayalidwa chofunda chachikulu chokumbukira anthu amene anamwalira ndi matenda a Edzi. Chinali ndi zigawo 1,920, chilichonse chosokedwa ndi abale kapena abwenzi a womwalirayo, kukula kwake pafupifupi masentimita 90 ndi 180, muyeso wa manda. Anachita zimenezi pa nthawi imene anthu ambiri ankaopa ngakhale kutchula dzina la wodwala matendawa. Nafenso tinataya abale ambiri ndi mliri umenewu, ndipo ana ena anakula osadziwa nkhope za makolo awo. Pogawa zovala za womwalira, banja likhoza kugwirizana zopatula malaya amodzi kapena chitenje chimodzi, kuti chilowe m'chofunda cha mwana wamasiye. Mwanayo akadzakula adzaloza n'kunena kuti, apa ndi diresi la amayi.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi m'mudzi mwathu zodulira za kwa telala ndi zovala zakutha zimapita kuti?
2. Ndi mabanja ati amene amavutika kwambiri nyengo yachisanu, ndipo gulu lathu lingasokere ndani chofunda choyamba?
3. Kodi pakhomo pathu mayi ali ndi nthawi yopuma yofanana ndi ya bambo? Ngati ayi, tingasinthe chiyani?
4. Chifukwa chiyani akuluakulu a ku Alabama anachotsa bwato lija? Kodi pali zinthu zimene zimalepheretsa anthu ena a kwathu kuno, monga okalamba ndi olumala, kufika kumalo olembetsera ndi oponyera voti?
5. Tikafuna kugulitsa ntchito ya manja athu, tingadziteteze bwanji kuti tisaponderezedwe pamtengo?

Mau omaliza

Abale ndi alongo, tisachoke pano ndi mau okha. Tikupempha kuti pa msonkhano wotsatira aliyense adzabwere ndi zigamba 9 zochapa, zosita ndi zodula pa muyeso wa masentimita 12, pamodzi ndi singano yake. Tikadzakwana anthu 35, aliyense n'kusoka chigawo chake, ndiye kuti nsalu yapamwamba ya chofunda chimodzi yapezeka tsiku lomwelo. Amene ali ndi bulangete lakale kapena chitenje choti n'kukhala chapansi adziwitse mlembi wa gulu lake. Za amene adzalandire chofunda choyambacho mudzagamula ndinu, mutakambirana funso lachiwiri lija.

Tsopano tigawane m'magulu a anthu asanu ndi mmodzi. Gulu lililonse lisankhe wapampando ndi mlembi, ndipo tikumanenso pano pakatha theka la ola.